Ndalama zomwe ndinapanga ku Malawi ndisanabwere ku UK: kodi HMRC idulapo msonkho?

NamwinoWatsopano

Moni nonse akuluakulu. Paja safunsa anadya phula, ndiye ndati ndifunse ndisanalakwitse. Ndinafika ku England pa 14 Sepitembala 2025 pa viza ya Health and Care Worker, ntchito ndinayamba pa 22 mwezi womwewo. Malipiro ndi pafupifupi £31,000 pachaka ndipo msonkho amadulira kuntchito. Aka n'koyamba kukhala m'dziko muno.

Chondisokoneza ndi za kumudzi. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti 2025 ndinali pa ntchito ku Lilongwe, PAYE ankadula mwezi ndi mwezi. Gratuity ndi ndalama za masiku a livi zinalowa mu akaunti yanga ya ku Malawi mu Novembala, ine ndili kale kuno. Ndili ndi K12 miliyoni yomwe ndinasunga pazaka zingapo, ndipo K8 miliyoni mwa imeneyo ili pa fixed deposit yomwe ikukhwima mu Febuluwale 2026. M'nyumba yanga ku Area 25 muli alendi, amapereka K400,000 pamwezi. Palinso puloti yomwe ndikuganiza zogulitsa.

Kuntchito aliyense akunena zake. Wina akuti ndikangotumiza ndalama kuno HMRC, bungwe lotolera misonkho ku UK, idula 20 peresenti. Wina akuti obwera kumene salipira chilichonse pa zakunja kwa zaka zinayi. Choona n'chiti, ndipo ndiyambire pati?

WaMisonkho_Leeds

Achemwali, anzanu awiriwo aliyense wagwira mbali imodzi ya nkhani, koma onse akhoza kukutayitsani ndalama. HMRC siyang'ana pasipoti, mtundu wa viza, kapena tsiku lomwe ndalama zawoloka nyanja. Imafunsa zinthu ziwiri: munayamba liti kuwerengedwa ngati wokhala mu UK pa nkhani ya msonkho, ndipo ndalama iliyonse inapezeka liti. Mukayankha ziwirizi, zotsalazo ndi masamu chabe.

Chaka cha msonkho kuno chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo chaka chotsatira. Inu mwafika mkati mwa chaka cha 2025/26. Lamulo lomwe amagwiritsa ntchito limatchedwa Statutory Residence Test, ndipo njira yake yachidule ndi masiku: munthu akakhala masiku 183 kapena kuposa m'chaka chimodzi cha msonkho, ndi wokhalamo. Kuchokera pa 14 Sepitembala kufika pa 5 Epulo ndi masiku oposa 200, ndiye palibe chokambirana, ndinu wokhalamo m'chaka cha 2025/26.

Zikanathera pomwepa, malipiro anu a ku Lilongwe a Epulo mpaka Ogasiti akanalowa m'masamu a HMRC, chifukwa wokhalamo amalipira msonkho pa zomwe amapeza kulikonse padziko lapansi. Chokupulumutsani ndi split year. Chaka chomwe munthu wafika chimadulidwa pawiri: mbali yakunja ndi mbali ya UK. Pa mbali yakunja amakutengani ngati simunafike, choncho zomwe munapanga ku Malawi sizikhudzidwa. Si chinthu chosankha ayi, mukakwaniritsa zofunika chimagwira chokha. Kwa obwera pali zifukwa zisanu, Case 4 mpaka Case 8, koma zokhudza munthu ngati inu ndi zitatu. Case 4 ndi pomwe nyumba yanu yokhayo yokhalamo yakhala ya kuno. Case 5 ndi kuyamba ntchito ya maola okwanira kuno, maola 35 pasabata mukawerengera pamasiku 365. Case 8 ndi kuyamba kukhala ndi nyumba kuno n'kukhala nayo mpaka kutha kwa chaka chotsatira cha msonkho. Zikagwira zingapo, amatenga tsiku loyambirira kwambiri. Kwa inu likhala tsiku lomwe munalowa m'nyumba yomwe mukukhalamo kapena pa 22 Sepitembala, lomwe layambirira. Case 6 ndi 7 musavutike nazo, ndi za anthu omwe anakhalapo kale kuno akubwerera pamodzi ndi amuna kapena akazi awo.

Nyumba ya ku Area 25, poti muli alendi ndipo simungapite kukagonamo, siwerengedwa ngati kwanu. Akanakhala kuti mukukhala bambo a kunyumba ndi ana, Case 4 ikanagwa, koma 5 kapena 8 ikanakunyamulanibe.

Tsopano ndalama zanu, imodziimodzi.

Malipiro a Epulo mpaka Ogasiti: ntchito inagwiridwa ku Malawi pa mbali yakunja ya chaka. Palibe msonkho wa UK.

Gratuity ndi za livi zomwe zinalowa mu Novembala: apa anthu ambiri amachita mantha pachabe. Pa malipiro a ntchito yolembedwa, chomwe chimawerengedwa ndi nthawi yomwe ntchitoyo inagwiridwa, osati tsiku lomwe ndalama zalowa. Ngati gratuity ndi ya kontirakiti yomwe munagwira ku Malawi musananyamuke, ndi yakunja ngakhale italowa patatha miyezi isanu. Pezani kalata kwa omwe anakulembani ntchito yonena kuti ndalamayo ndi yanji, ya miyezi iti, ndipo tsiku lomaliza ntchito linali liti. Ndalama yopepesera munthu pochotsedwa ntchito ili ndi malamulo ena, koma nayonso £30,000 yoyambirira sidulidwa msonkho, ndipo pa malipiro a kwathu ndi ochepa omwe angafike pamenepo.

K12 miliyoni yosunga: imeneyi si phindu la chaka chino, ndi chuma chomwe munali nacho kale. Mukhoza kuitumiza lero, chaka chamawa, kapena kuisiya komweko, msonkho wa UK palibe. Mnzanu wa 20 peresenti uja walakwitsa apa.

Chiwongoladzanja cha fixed deposit ndiye chili ndi msampha. Icho chimawerengedwa pa tsiku lomwe banki yakupatsani, osati miyezi yomwe chakhala chikukula. Ikakhwima mu Febuluwale 2026, chonsecho chagwera pa mbali ya UK, ngakhale theka lake linakula muli ku Lilongwe. N'chimodzimodzinso ma dividend a masheya a pa Malawi Stock Exchange: tsiku lolipira ndilo limalamula. Chotonthoza n'chakuti munthu wa msonkho wa 20 peresenti ali ndi £1,000 ya chiwongoladzanja pachaka yosadulidwa msonkho, ndipo chakunja chimalowa momwemo. Tiyerekeze mwalandira K1.6 miliyoni ndipo paundi ili pa K2,300: ndi £696 basi, ili pansi pa malire bola chiwongoladzanja cha mabanki a kuno chisadzaze malo otsalawo. Wa msonkho wa 40 peresenti malire ake ndi £500.

Ndalama za lendi: za miyezi musanafike zilibe kanthu. Kuyambira tsiku lomwe chaka chadulidwa, zimalowa m'masamu a UK ngakhale mutazisiya ku Malawi n'kumalipirira fizi ya ana. Ichi ndi chomwe chingakukakamizeni kudzaza mafomu. Zikaposa £1,000 pachaka cha msonkho musanachotsepo chilichonse, muyenera kuuza HMRC. Kulembetsa Self Assessment (njira yomwe munthu amadzaza yekha fomu youlula zomwe wapeza) ya 2025/26 kumatha pa 5 Okutobala 2026, fomu ya papepala ifike pofika 31 Okutobala 2026, ya pa intaneti pofika 31 Januwale 2027, lomwenso ndi tsiku lolipira. Kuchedwa ndi tsiku limodzi ndi chindapusa cha £100, ngakhale msonkho wake utakhala wochepa kuposa pamenepo.

MlembiWaMabuku

Ndiwonjezere pa nkhani ya zaka zinayi, chifukwa imeneyi ikuzunguza anthu ambiri m'magulu a WhatsApp. Ilipodi. Inayamba pa 6 Epulo 2025, dzina lake ndi FIG regime (Foreign Income and Gains, kutanthauza zopeza ndi phindu lakunja), ndipo inalowa m'malo mwa dongosolo lakale lomwe munthu ankalipira msonkho pokhapokha akabweretsa ndalamazo kuno. Amene wakhala kunja kwa UK zaka 10 zotsatizana za msonkho asanabwere akhoza kupempha kuti zopeza zakunja zisadulidwe msonkho pa zaka zake zinayi zoyambirira, ndipo ndalamazo akhoza kuzibweretsa kuno mwaufulu. Inu achemwali mukuyenerera.

Koma yaulere ayi. Chaka chomwe mwapempha, mumataya personal allowance, gawo lija la £12,570 la malipiro anu lomwe silidulidwa msonkho. Mumatayanso £3,000 yosadulidwa msonkho pa phindu logulitsa katundu. Zimatayika zonse, kaya zakunja zomwe mwateteza ndi £500 kapena £500,000.

Tiwerengere pa nyumba yanu. K400,000 kuchulukitsa ka 12 ndi K4.8 miliyoni. Pa mtengo woyerekeza uja wa K2,300 ndi £2,087. Chotsanipo £1,000 yomwe lamulo limalola pa ndalama za lendi, patsala £1,087. Msonkho wa 20 peresenti ndi £217 pachaka chathunthu, ndipo ngati MRA inadulapo kale msonkho pa lendiyo, umenewo umachotsedwa pa £217. Nthawi zambiri chotsala chimakhala pafupifupi ziro. Tsopano pemphani FIG: mwapulumutsa £217, koma £12,570 ya malipiro anu yayamba kudulidwa 20 peresenti, yomwe ndi £2,514. Mwagulitsa ng'ombe kuti muwombole nkhuku.

Kwa munthu wa msonkho wa 20 peresenti, FIG imayamba kupindula zopeza zakunja zikapitirira £12,570 pachaka, pafupifupi K29 miliyoni pa mtengo womwewo, ndipo ngati ku Malawi analipira kale msonkho wochuluka, malirewo amakwera kuposa apo. Lamuloli linakonzedwa poganizira anthu a chuma chambiri omwe personal allowance yawo inatha kale, poti imayamba kuchepa munthu akamapeza kuposa £100,000 n'kutheratu pa £125,140. Kwa anamwino ndi osamalira okalamba, zaka zambiri yankho ndi kusapempha.

Ubwino wake n'ngwakuti chisankho n'cha chaka ndi chaka. Mukhoza kusapempha 2025/26 ndi 2026/27, n'kupempha 2027/28 ngati chaka chimenecho mwagulitsa katundu wa phindu lalikulu. Koma wotchi siima: zaka zanu ndi 2025/26, 2026/27, 2027/28 ndi 2028/29. Chaka chodulidwa chija chimawerengedwa ngati chathunthu, ndipo chaka chomwe simunapemphe sichisungidwa. Komanso sichichitika chokha. Pamafunika kudzaza Self Assessment n'kulemba kuchuluka kwa ndalama iliyonse yomwe mukuipemphera. Kungokhala chete n'kumati "paja ndili m'zaka zinayi" ndi kubisa msonkho, osati FIG.

Pa £1,000 ija ya lendi pali kusankha: mwina £1,000 yosafuna malisiti, mwina zomwe mwawonongadi monga kukonza denga, kupenta, inshuwalansi, ndi malipiro a ejenti wotolera lendi. Zonse ziwiri pamodzi sizitheka. Pa nyumba ya K400,000 pamwezi, £1,000 ndi pafupifupi theka la lendi yonse, ndiye kawirikawiri imaposa malisiti, kupatula chaka chomwe mwakonzetsa zazikulu. Kumanga mpanda watsopano kapena kuwonjezera chipinda sikuchotsedwa pa lendi, kumasungidwa kudikira tsiku logulitsa nyumbayo.

Kuti munthu asalipire kawiri, pali mgwirizano wa misonkho pakati pa UK ndi Malawi, wakalekale wa 1955, nthawi ya Nyasaland, ndipo ukugwirabe ntchito. Malawi ndiye amayamba kudula pa nyumba yomwe ili ku Malawi, UK imachotsa zomwe mwalipira kumeneko. Imachotsa kulekeza pa msonkho wa UK wa ndalama yomweyo. Ngati MRA inadula zambiri, HMRC sikubwezerani zapamwambazo. Ndipo popanda satifiketi yosonyeza kuti msonkho unadulidwa, mulibe umboni, choncho ngati alendi anu ndi kampani kapena bungwe lomwe limadula msonkho lisanakulipireni, muziitanitsa satifiketiyo nthawi yomweyo.

NamwinoWatsopano

Zikomo kwambiri nonse awiri, mtima wakhala pansi. Nanga puloti? Ndinagula K10 miliyoni zaka zapitazo, pano pali wofuna kupereka K30 miliyoni. Kodi msonkho wa kuno ukhala pa K20 miliyoni yonseyo, kapena amayambira pa mtengo wa tsiku lomwe ndinafika? Komanso potumiza ndalama kuno, ndichite bwanji kuti banki isandivute?

Nyasa_Accounts

Pa funso la tsiku lofika, yankho ndi ayi, ndipo apa UK imasiyana ndi mayiko ena. Ku Canada ndi ku South Africa munthu akayamba kuwerengedwa ngati wokhalamo, katundu wake wambiri wakunja amatengedwa ngati wamugula tsiku lomwelo pa mtengo wa pamsika, ndiye phindu lakale limafufutika. Ku UK kulibe zimenezo. Mukagulitsa muli wokhala kuno, phindu limawerengedwa kuchokera tsiku lomwe munagula, ngakhale zitakhala zaka 15 musanaganize n'komwe za ulendo. N'chifukwa chake amene akadali ku Malawi ndipo ali ndi katundu wa phindu lalikulu yemwe akufunadi kugulitsa, ndi bwino amalize zogulitsazo asanakwere ndege.

Koma musathamangire kudandaula ndi K20 miliyoni. HMRC siwerengera mu kwacha. Mtengo wogulira umasinthidwa kukhala mapaundi pa mtengo wa tsiku logula, wogulitsira pa mtengo wa tsiku logulitsa, kenako n'kuchotsera. Cholakwa chomwe anthu amachita ndi kupeza phindu mu kwacha n'kulisintha pa mtengo wa lero. Tiyerekeze pogula paundi inali K900: K10 miliyoni ndi £11,111. Pogulitsa ili pa K2,300: K30 miliyoni ndi £13,043. Phindu ndi £1,932, musanachotse za loya, za ejenti, ndi zomwe munamangapo monga mpanda kapena maziko. Zili pansi pa £3,000, msonkho palibe. Wowerengera molakwika uja akanapeza £8,696 n'kulipira msonkho pa ndalama yomwe kulibe. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero mapuloti ambiri omwe akuoneka ngati apindula katatu mu kwacha, mu mapaundi apindula pang'ono, ena aluza kumene. Phindu likaposa £3,000, chapamwambacho chimadulidwa 18 peresenti kwa yemwe akadali m'gawo la msonkho wapansi, 24 peresenti chikapitirira gawolo. Onaninso kuti pa chitsanzo ichi kupempha FIG kukanangoipitsa zinthu.

Tsiku logulitsa ndi tsiku lomwe mwasayinirana mgwirizano wogulitsana woti simungabwererenso m'mbuyo, osati lomwe ndalama yomaliza yalowa kapena lomwe mapepala a malo asinthidwa dzina. Sungani mgwirizano wogulira wakale uja. Ngati munagula kwa amfumu kapena kwa munthu ndi kalata yolemba pamanja, imeneyonso ndi umboni, ijambuleni isanathe ndi chinyezi.

Mtengo wosinthira: HMRC imasindikiza mitengo ya mwezi ndi mwezi komanso ya pachaka pa gov.uk. Pa lendi mukhoza kugwiritsa wa pachaka kapena wa mwezi uliwonse, bola musamasinthesinthe kufuna wokukomerani. Mtengo wa pamsika wakuda ulibe pepala lililonse louikira kumbuyo, ndiye musautengere pa fomu.

Za kutumiza. Vuto lalikulu silikhala HMRC, limakhala kupeza ndalama zakunja ku Malawi ndi mafunso a banki ya kuno. Kutulutsa ndalama m'dziko kuli pansi pa malamulo a Reserve Bank of Malawi, ndipo njira yovomerezeka ndi kudzera ku banki yanu. Njira ija yoti mupatse kwacha m'bale wa munthu wina ku Blantyre, iye akuponyereni mapaundi kuno, ikuoneka yophweka, koma mu akaunti mwanu mumalowa ndalama zochokera kwa munthu yemwe simungafotokoze ubale wanu. Banki ikakayikira imatseka akaunti kaye, mafunso pambuyo, ndipo malipiro anu a mwezi amatsekeredwa momwemo. Ikadzafika nthawi yogula nyumba, loya ndi obwereketsa ndalama adzafunanso kudziwa komwe ndalama ya dipoziti inachokera. Konzani mapepala awa: sitetimenti ya banki ya ku Malawi yosonyeza ndalama zomwe zinalipo sabata yomwe munanyamuka, mapepala a malipiro, kalata ya gratuity, mgwirizano wogulitsira puloti, ndi pepala la banki losinthira ndalama. Ngati mwanyamula ndalama m'manja zokwana £10,000 kapena kuposa polowa ku Great Britain, muyenera kuzilembetsa kwa a kasitomu. Kulembetsako si msonkho, koma kusalembetsa kukhoza kulanditsa ndalamazo.

Kanthu kena komwe ambiri sakadziwa. Ngati ndalama za lendi zakanika kutuluka m'dziko chifukwa cha malamulo a boma la kumeneko kapena chifukwa ndalama zakunja sizikupezeka n'komwe, lamulo la UK limalola kupempha kuti msonkho wake udikire. Pa fomu ya zakunja, SA106, bokosi loyambirira ndi la zimenezi. Ndi kuchedwetsa chabe, osati kukhululukidwa: tsiku lomwe zatheka kutuluka, msonkho umabwerera. Ndipo pamafunika umboni woti munayesadi, monga kalata yofunsira ku banki ndi yankho lake. Ngati ndalamazo mukulipirira fizi kapena kumangira kumudzi mwa kufuna kwanu, si zokanika kutuluka zimenezo.

Dada_waKuMzimba

Pepani kulowerera. Ine ndinachita maphunziro a chaka chimodzi ku Scotland, Sepitembala 2018 mpaka Sepitembala 2019, kenako ndinabwerera kumudzi. Ndabweranso pa ntchito mu 2025. Zaka zinayizo zikundikhudza? Komanso mlamu wanga anafika mu 2023, iye bwanji?

MlembiWaMabuku

Adada, kwa inu n'zokayikitsa kwambiri. Kuchokera Sepitembala 2018 kufika pa 5 Epulo 2019 ndi masiku oposa 183, ndiye m'chaka cha 2018/19 munali wokhalamo, ngakhale munali pa viza ya sukulu ndipo simunalipirepo msonkho. Zaka 10 zotsatizana zija zaduka, FIG simungapemphe. Koma split year ya chaka chomwe mwabweranso ikugwirabe, chifukwa iyo imangofuna kuti chaka chapitacho munali kunja. Malipiro anu a ku Malawi musanabwere ndi ndalama zomwe munasunga zili bwinobwino ngati za achemwali aja.

Alamu anu, ngati chaka chawo choyamba chinali 2023/24 ndipo sanakhalepo kuno m'zaka 10 za m'mbuyo mwake, zaka zawo zinayi zinayamba kuwerengedwa pomwepo. Zomwe angapemphere ndi 2025/26 ndi 2026/27 zokha. Koma chofunika kwambiri kwa iwo ndi china. Kale, munthu wochokera kunja yemwe zopeza zake zakunja zosabweretsedwa kuno zinali zosakwana £2,000 pachaka sankafunika kuchita chilichonse, ndipo sankataya personal allowance. Anthu ambiri a nyumba imodzi ya lendi kumudzi ankabisala mwalamulo pansi pa £2,000 imeneyi. Inatha pa 5 Epulo 2025. Amene akuyendabe ndi malangizo a 2023 aonenso masamu awo a 2025/26. Pa nkhani za ndalama zakunja HMRC ikhoza kubwerera m'mbuyo zaka 12, ndipo zindapusa zake n'zokwera kuposa za ndalama za m'dziko momwemo. Wodziulula yekha asanafunsidwe amalipira zochepa kuposa wogwidwa.

WaMisonkho_Leeds

Zatsala zing'onozing'ono zomwe zimagwetsa anthu pa mafomu penipenipo.

Split year ndi FIG zonse zimalembedwa pa SA109, fomu ya nkhani yokhala wokhalamo. Fomu imeneyi mulibe mu njira yaulere ya pa intaneti ya HMRC. Munthu amadikira mpaka Januwale, n'kulowa pa kompyuta, n'kupeza kuti tsamba lomwe akulifuna palibe, pomwe tsiku la papepala linadutsa kale mu Okutobala. Njira zilipo zitatu: kutumiza zonse papepala pofika 31 Okutobala, kugula pulogalamu ya kompyuta yovomerezeka yomwe ili ndi SA109, kapena kulipira akauntanti. Achemwali, inu mudzafuna SA100 yomwe ndi fomu yaikulu, SA102 ya ntchito ya kuno, SA106 ya lendi ndi chiwongoladzanja, ndi SA109. Kulembetsa kumatulutsa nambala ya manambala 10 yotchedwa UTR, yomwe imabwera patapita masiku, ndiye musadikire sabata yomaliza. Amene alibe lendi, alibe chiwongoladzanja choposa malire, ali ndi malipiro akale a ku Malawi ndi ndalama zosunga basi, alibe msonkho woti aulule, ndipo safunika kulembetsa pokhapokha HMRC itamulembera yokha. Asunge mapepala ake basi: tikiti ya ndege, mgwirizano wa nyumba ya kuno, kontirakiti ya ntchito.

Chachiwiri, onani tax code, nambala yomwe imauza abwana anu momwe angadulire msonkho, pa pepala lanu la malipiro. Ngakhale mwafika pakati pa chaka, £12,570 mumapatsidwa yonse, sagawa ndi miyezi. Wobwera kumene alibe P45 (pepala lomwe munthu amapatsidwa posiya ntchito ya kuno), amadzaza Starter Checklist, ndipo ngati iyi ndi ntchito yake yoyamba kuno chaka chimenecho amasankha Statement A. Malipiro a ku Lilongwe asakupangitseni kusankha B. Code yoyenera ndi 1257L yopanda zilembo zina kumapeto. Mukaona W1, M1 kapena X kumapeto, kapena code ili BR kapena 0T, akukudulani mopitirira, chifukwa gawo losadulidwa la miyezi ya Epulo mpaka Ogasiti silikuwerengedwa. Pa miyezi isanu ndi ndalama yoposa £1,000. Imabwezedwa, koma msanga mukakonza kudzera mu akaunti yanu ya HMRC pa intaneti kusiyana n'kudikira kalata ya P800 chaka chikatha. Okhala ku Scotland code yawo imayamba ndi S ndipo magawo a msonkho ndi ena.

Chachitatu n'cha omwe amagwira maganyu a ukatswiri, monga kulemba malipoti a mabungwe. Zomwe ndinanena za gratuity ndi za ntchito yolembedwa. Wodzilemba yekha ntchito akalandira malipiro a invoice yakale ali kale kuno, nkhani yake siyenda chimodzimodzi, ndiye atolere ngongole zake asananyamuke. Ndipo ntchito iliyonse yomwe mwagwira mutakhala pa mpando ku Leeds kapena ku Luton ndi ya UK, ngakhale wolipira ali ku Lilongwe ndipo ndalama zikulowa mu kwacha. FIG siiteteza imeneyo, komanso yambani mwaona ngati viza yanu ikulola. Penshoni ya ku Malawi yotapa nthawi imodzi muli kale kuno nayo ili ndi malamulo akeake, musaitape musanakhale pansi ndi wodziwa za misonkho ya mayiko awiri.

Kwa amene akukonzekera ulendo, tsiku lofika lili ndi kanthu. Munthu yemwe sanakhale wokhalamo zaka zitatu zapitazo, akakhala masiku osakwana 46 m'chaka cha msonkho, sawerengedwa n'komwe chaka chimenecho. Wofika mu Malichi ndiye kuti chaka chake choyamba chimayamba pa 6 Epulo, zaka zinayi zija zimakhala zathunthu, ndipo ali ndi masabata angapo oti fixed deposit ikhwime kapena puloti igulitsidwe nkhani ya UK isanayambe. Malipiro a ntchito ya kuno m'masabata amenewo amadulidwabe msonkho monga mwa nthawi zonse. Wofika mu Januwale n'kuyamba ntchito nthawi yomweyo kawirikawiri amawerengedwa, ndipo chaka chimodzi mwa zinayi zija chimathera pa miyezi itatu.

NamwinoWatsopano

Ndayang'ana pepala la malipiro, code yanga ndi 1257L M1. Mawa ndiyamba ndi imeneyo, kenako ndilembere ku ofesi yakale za kalata ya gratuity. Funso lomaliza: fixed deposit ija ndiiswe isanakhwime?

Nyasa_Accounts

Ayi, isiyeni. Mwafika kale, ndiye chiwongoladzanja chilichonse chomwe banki ikupatseni kuyambira pano chili pa mbali ya UK, kaya mwaswa lero kaya mwadikira Febuluwale. Kuswa kungokudyerani chilango cha banki. Chomwe mungayang'ane ndi chaka cha msonkho chomwe chiwongoladzanja chikugwera. Cha Febuluwale 2026 chili mu 2025/26 ndipo chikukwana mu £1,000. Mukaikanso ndalamayo, sankhani nthawi yoti ikhwime pambuyo pa 6 Epulo 2026, kuti ziwongoladzanja ziwiri zisaunjikane m'chaka chimodzi. Ikakhwima, pemphani ku banki pepala losonyeza chiwongoladzanja chonse asanadule msonkho ndi msonkho womwe adula, chifukwa pa SA106 amafuna manambala onse awiri.